Mkuyu wa Pamalire Unalowa M'foni

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinabwerera kwathu, kufupi ndi Mpanshya, kukalima munda umene anandisiyira amalume. Si munda waukulu. Umayambira kuseri kwa nyumba nkutsetsereka mpaka pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Chipata, ndipo pangodya ya kumunsi pali mkuyu wakale. Mkuyu umenewo ndiwo malire a munda wanga ndi wa msuweni wanga, mwana wa amalume omwewo. Panalibe pepala lonena zimenezi. Amalume anangoloza ndi ndodo tsiku lina, tonse awiri tili pomwepo, nkunena kuti kuno nkwa uyu, uko nkwa uyu. Msuweni wanga sanatsutse, koma ndinkadziwa kuti mumtima sizinamukomere kuti mbali ya nthaka yabwino yagwera ine.

Zaka zimenezo nkhani ya malo inali itavuta m'dera lathu. Anthu a ku Lusaka ankabwera ndi magalimoto akuluakulu kudzafuna mafamu, ena ankafunsa njira ya kumapiri kumene amati kuli golide. Tinkamva kuti kwinakwake banja linadzuka nkupeza zikhomo za simenti zitazikidwa pakati pa chimanga chawo. Ine sindinazione ndi maso, koma aliyense ankanena kuti zoterezi zimayamba ndi mlendo woyendayenda m'munda ali ndi kachipangizo m'manja, kuloza uku ndi uku.

Tsiku lina titamaliza kukolola, mkazi wanga anabwera kuchokera kokatola nkhuni nkundiuza kuti pamkuyu pali mayi wachilendo.

"Wavala buluku ndi nsapato zothamangira," anatero. "Wakweza foni m'mwamba, akuzungulira mtengo pang'onopang'ono. Ndamupatsa moni, wayankha osandiyang'ana."

Mmene ndinkafika kumeneko anali atapita. Ndinangopeza mapazi a nsapato zake atazungulira mtengo wonse. Patapita masiku awiri anabweranso, chakumadzulo dzuwa litapendeka. Ndinabisala kuseri kwa mulu wa mapesi nkumamuyang'ana. Anaima kumbali yanga, kenako kumbali ya msuweni wanga. Analozetsa foni patsinde, nkuikweza mpaka kunthambi, nkuitsitsanso kunthaka. Nthawi ina anagwada, ngati akuyang'ana chinthu m'udzu. Kenako anaseka yekha nkutsikira kumsewu.

Lamlungu lotsatira, tikutuluka m'tchalitchi, ndinamuona mayi yemweyo ataima ndi msuweni wanga pachipata. Ankacheza momasuka, msuweni wanga akuloza ndi dzanja cha kumene kuli minda yathu. Mkazi wanga anandigwira mkono nkunena kuti ndiyambe ndafunsa, koma ine ndinali nditaweruza kale mlanduwo.

M'mawa mwake ndinapita kwa msuweni wanga. Ndinamupeza akumata chubu cha njinga pakhonde. Anandipatsa mpando, ine ndinakana.

"Asuweni, mwagulitsa zingati?" ndinafunsa.

"Ndagulitsa chiyani?"

"Munda. Wanu ndi wanga womwe. Mayi uja mumacheza naye dzulo wakhala akuyeza pamkuyu sabata yonse."

Anaika chubu pansi. Anati mayi uja ndi nesi watsopano amene boma lamutumiza kuchokera ku Lusaka, ndipo dzulo amangofunsa za bondo lake lotupa. Ndinamufunsa kuti ngati nkhani inali ya bondo, nanga dzanja linkaloza chiyani kuminda. Anati ankamuuza pamene anagwera. Sindinamukhulupirire. Ndinanena mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Ndinati kuyambira tsiku limene amalume anagawa munda iye wakhala akudikira mpata, ndipo ndikadzaona chikhomo m'munda mwanga ndidzadziwa khomo logogoda. Akazi ake anali kuseri akupeta, ndipo anamva zonse. Msuweni wanga sanakweze mawu. Anangoti, "Pitani bwino, aphunzitsi," nkutolanso chubu chake. Chibadwire anali asanandiitanepo choncho.

Lachinayi mayi uja atabweranso, sindinabisale. Ndinatsika ndi khasu paphewa ngakhale kunalibe cholima.

"Mwachoma bwanji, atate?" anandipatsa moni, nkutsitsa foni.

"Tachoma. Ba sisita, mukufuna chiyani m'munda mwanga?"

Anadabwa, kenako anachita manyazi. Anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Anati sankadziwa kuti mtengowo uli m'munda wa munthu, ankayesa ndi wa m'mbali mwa msewu chabe. Ndinamufunsa kuti amene amutuma kudzayeza ndi ndani.

"Iyayi atate, siniyeza," anatero m'chilankhulo chawo cha ku Lusaka. "Ni gemu chabe, masewera a pafoni. Bwerani muone."

Anandipatsa foni nkunena kuti ndiilozetse patsinde. Pagalasi pake ndinaona mkuyu wanga, mizu yake, ngakhale chitini chakale chimene ndimasiya pamenepo. Koma pakati pa mizu panali kanyama konga kambuzi, kobiriwira, ka makutu aatali, kakudumphadumpha. Ndinachotsa foni, panalibe kanthu. Ndinaibwezanso, kanali pomwepo, kakundiyang'ana. Nditasuntha kupita kumanja, kanatembenuza mutu kunditsata. Thupi langa linachita tsemwe, ngakhale ndinaphunzitsa sayansi zaka zambiri ndipo ndinkadziwa kuti ndi chithunzi chongojambula.

Anandilongosolera kuti masewerawa amasewera anthu a dziko lonse. Umayenda ndi foni, iyo imadziwa pamene waima, ndipo tinyama timabwera pamalo ena osankhidwa pamapu. Ku Lusaka malo otere ndi ambiri. Kuno atafika sanapeze ngakhale amodzi, ndipo akaweruka kuntchito ankasowa chochita, popeza sankadziwa munthu aliyense. Ndiye anajambula mkuyuwo nkutumiza chithunzi kwa eni masewera, kupempha kuti auike pamapu. Anavomera.

Nkhawa yanga ya zikhomo inatha pomwepo, koma m'malo mwake munalowa ina.

"Ndiye kuti mtengo wanga uli pamapu a anthu akunja?"

"Ee, koma ni a gemu chabe."

"Nanga kuzungulira kuja, foni ili m'mwamba?"

Anati masewerawo nthawi zina amapempha kuti ujambule malowo mbali zonse, mtengo ndi nthaka yozungulira, ndipo ukatero amakupatsa mphatso za m'masewera momwemo. Ndinafunsa kuti zithunzi zimenezo zimapita kuti. Anati kwa kampani. Kampaniyo ili kuti? Kutsidya kwa nyanja. Imachita nazo chiyani? Anayamba kuyankha, kenako anayang'ana foni yake.

"Zoona, siniziwa," anatero.

Ndinamukonda chifukwa cha yankho limenelo, koma silinandikhazike mtima pansi. Ndinamuuza kuti munthu amene amakupatsa mphatso kuti umujambulire nthaka ya mnzako ndiye kuti nthakayo ali nayo ntchito. Iye anati mwina amangofuna kuti tinyama tiziima bwino pansi, tisamaoneke ngati tikuyandama. Mwina ndi choncho. Mpaka lero sindinapeze munthu wondiuza motsimikiza.

Kupita kukapepesa kwa msuweni wanga kunanditengera masiku anayi. Mkazi wanga anagwira tambala wofiira nkumumanga miyendo, nkumuika pakhomo. Ndinamunyamula. Msuweni wanga anandilandira, anamva kupepesa kwanga konse, analandira tambala nkumupereka kwa akazi ake. Kenako anati, "Mawu aja sanabwere ndi nesi. Munali nawo kale." Sindinatsutse, chifukwa ankanena zoona. Nditamuuza za kanyama kobiriwira, anafuna kukakaona yekha, ndipo tinapangana kuti Loweruka tikamudikire nesi uja pamtengo.

Iye sanachite tsemwe ngati ine. Anayang'ana pafoni, anayang'ana pansi, anaponda ndi phazi lake labwino pamene kanyamako kanaima. Kenako anafunsa funso limene ine sindinaliganizire.

"Kameneka kali mbali ya ndani?"

Nesi anaseka, koma msuweni wanga sankaseka. Anati ngati mapu awo aika mtengo mbali imodzi, tsiku lina wina adzatulutsa mapuwo nkunena kuti malire ndi awa. Tinamupempha nesi kuti auze eni masewera auchotse mtengo wathu. Analemba pempholo ife tikuona, nkutiwerengera. Yankho linabwera patapita milungu ingapo. Ankafuna pepala losonyeza kuti malowo ndi athu. Pepala limenelo tinalibe.

Nthawi yomweyi anthu apamsewu anayamba kuima pafupi ndi mkuyu. Sanali ambiri, mwina galimoto imodzi kapena ziwiri pa sabata, anthu a paulendo wopita ku Chipata kapena obwerera ku Lusaka. Nesi anati pamsewu wonsewo, kwa mtunda wautali, mkuyu wathu ndiwo malo okhawo a masewera, ndiye wosewera aliyense wodutsa amauona pafoni. Ena ankasewerera m'galimoto momwemo. Ena ankakwera kubwera pamtengo, kuponda mizere ya mbatata ya msuweni wanga. Ambiri anali aulemu. Koma ine ndinalibenso njira yosiyanitsira wosaka tinyama ndi wosaka nthaka. Onse amakweza foni mofanana. Tsiku lina kunabwera amuna awiri ovala zipewa, anazungulira mtengo, mmodzi anatola dothi nkulifikisa m'manja. Nditawafunsa anati ndi gemu. Ndinawapempha kuti andionetse kanyama, anati netiweki yathawa, nkukwera galimoto yawo.

Zimenezi ndizo zinatinyamula ine ndi msuweni wanga kupita kwa amfumu kukalembetsa minda yathu, chinthu chimene tinkayenera kuchita amalume ali moyo. Tinayenda maulendo atatu panjinga, iye akupalasa ndi mwendo umodzi ndi theka. Pepala linatuluka, lonena kuti mkuyu uli pakati, si wa mmodzi. Pofika nthawi imeneyo nesi anali atalandira kalata yomusamutsira kwina.

Anabwera kudzatsanzika atanyamula paketi ya shuga. Tinakhala pakhonde, mkazi wanga anamuwiritsira mbatata. Anati anasiya kujambula malo mbali zonse kuyambira tsiku lija ndinamufunsa, koma masewerawo sanasiye. Ndinamufunsa kuti zimenezi zidzathera kuti. Anawala nkhope. Anati kutsogoloku anthu sadzafunanso kugwira foni, adzangovala magalasi a m'maso, tinyama tizidzaoneka paliponse pamene akuyang'ana, m'misewu, m'misika, m'minda. Anati ana a sukulu azidzaona mtima wa munthu ukugunda pamwamba pa desiki, ndipo monga mphunzitsi mbali imeneyo inandikoka. Koma ndinamuuza kuti lero munthu akakweza foni ndimadziwa kuti pali chimene akuchita. Akadzavala magalasi adzaima pakhomo panga, kundipatsa moni, ine osadziwa chimene akuona pankhope panga kapena amene akuonera limodzi naye. Anaganiza pang'ono nkunena kuti nayenso zimenezo sakanazikonda.

Analonjeza kuti tikamutumizira chithunzi cha pepala la amfumu adzalembanso pempho lija. Tinatumiza. Anayankha kuti walemba. Kenako nambala yake inasiya kupezeka, monga zimakhalira ndi anthu osamuka, ndipo mtengo unakhalabe pamapu.

Mwezi watha kunaima bambo wina wonenepa, wa tayi, woyendetsa yekha galimoto. Anandipeza ndikusadza nthambi zouma. Anali wochezeka, ndipo nditamufunsa chimene akuona anandionetsa mosavuta. Kanyama kobiriwira kanalibe. M'malo mwake pamwamba pa mtengo panali mbendera yofiira ndi dzina lachilendo, losakaniza zilembo ndi manambala. Anati masewerawo anasintha, tsopano magulu amalimbirana malo, ndipo mkuyuwu waugwira munthu ameneyo kwa miyezi itatu osagonja. Bamboyo anaima kuti ayese kumulanda mkuyuwo.

"Ndi wa kuti munthu ameneyo?" ndinafunsa.

"Palibe angadziwe, mdala. Mwina ndi dalaivala wa thiraki amene amadutsa kawirikawiri."

Anasewera kwa mphindi zingapo, chala chikugogoda pagalasi, nkupukusa mutu kuti walephera. Anagula nthochi kwa mkazi wanga nkupita.

Madzulo ake ndinakauza msuweni wanga kuti mtengo wathu uli ndi mwini wake wachitatu. Anati njira ndi imodzi, tiudule, tione ngati adzabwere kudzakweza mafoni pachitsa. Ndinamuuza kuti nesi ananena kuti ngakhale mtengo utagwa, chizindikiro chimatsala pamapu mpaka wina akachichotse. Anatukwana pang'ono chapansipansi, zimene sachita kawirikawiri. Kenako tinagwirizana zotchinga mbali ya kumsewu ndi minga, kusiya kampata kamodzi koonekera pakhomo panga. Tinayamba Lolemba. Iye amadula, ine ndimakoka, chifukwa bondo lake silimulola kuyenda ndi katundu pamtunda.