Kuphunzira Kupuma Nditaimirira

Chizindikiro choyamba chinali phuma. Munali mu Meyi, kuzizira kutangoyamba, pamene kamtunda kochokera kumsika kupita kunyumba kwanga ku Makwasha kanayamba kundikanika. Ndinkaima panjira ngati ndikuyang'ana kanthu m'thumba, kuti anthu asadziwe kuti mpweya wandithera. Kenako kunabwera chifuwa chouma, chosatulutsa makhololo. Ndinati n'chisanu chabe, ndipo ndinangomwa madzi a mandimu ndi kufukiza masamba a bulugamu mpaka mu Julayi.

Ndinabadwira m'komboni ya mgodi. Bambo anga anachokera ku Dedza kubwera kudziko la eni kuno kudzakumba miyala ya asibesitosi, ndipo nanenso nditakula ndinalowa kuchigayo kumene tinkaphwanya miyala. Fumbi lake linali loyera, lokakamira m'tsitsi ndi m'nsidze. Ntchito itatha ndinayamba kukonza njinga pakhonde.

Amene anandikakamiza kupita kuchipatala ndi mwana wanga Enelesi, yemwe amagulitsa m'sitolo ku Gweru. Anandipeza ndikugona chokhala, nditatsamira khoma, chifukwa ndikagona chagada ndinkabanika. Thupi linali litatentha, milomo itada.

Ku kiliniki anayeza makhololo, amene tsopano anali atayamba kutuluka, pokayikira TB, koma sanaipeze. Ananditumiza kuchipatala chachikulu, kumene tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, kudikira kujambulidwa m'chifuwa. Tsiku lomwelo anandigoneka. Moyo wa m'wodi unali umodzimodzi: m'mamawa anamwino kuyeza kutentha kwa thupi, jakisoni, phala, kenako kudikira dokotala. Botolo la mpweya linkayenda bedi ndi bedi, kupita kwa amene wafooka kwambiri. Pafupi nane panagona a Jailosi, amene tinagwira nawo ntchito kuchigayo. Sitinkacheza kwenikweni, mpweya wochezera panalibe. Tsiku lina masana anamwino anatchinga bedi lawo ndi nsalu, ndipo botolo lija analibweretsa kwa ine.

Dokotala, amene ankanditchula kuti Sekuru, kutanthauza agogo m'chinenero cha kuno, sanandibisire. "Sekuru, chibayochi chitha ndi mankhwala. Koma mapapo anu ali ndi zipsera za fumbi, ndipo zipsera sizichoka. Tisamale mbali imene yatsala."

Ndisanatuluke anandionetsa kwa mayi wina wophunzitsa odwala mafizo. Anati ndikangokhala pansi, miyendo ifooka, ndipo thupi lofooka limafuna mpweya wochuluka. Ananditchulira njira ziwiri zophunzitsa munthu kupuma mofatsa. Yoyamba ndi yoga, imene munthu amadziwongola ndi kudzipinda pamphasa. Yachiwiri ndi tayichi, imene munthu amachita ataimirira, kusuntha manja ndi miyendo pang'onopang'ono motsatira mpweya. Anati ndisankhe ndekha.

Enelesi anasankha yoga, poti amachita ndi anzake ku Gweru ndipo inamuthandiza msana. Anandisiyira kamphasa kake kalabala ndi kanema pafoni, n'kubwerera kuntchito. Ndinayesa ndili ndekha m'nyumba. Zokhala pansi ndinakwanitsa, koma nditagona chagada monga ankachitira wa pakanemayo, chifuwa chinatseka. Ndinatsokomola mpaka m'maso munada. Kudzuka kunandikanika. Ndinakhala pasimenti pomwepo mpaka mayi woyandikana nafe anamva ndikumenya chitseko ndi phazi, nadzandidzutsa.

Kuchokera pamenepo ndinasiya zonse. Mkulu wina wa kumpingo atamva, anati mwina n'chenjezo, chifukwa masewera amenewa ndi mapemphero a anthu akunja. Sindinamutsutse, poti ndinali nditapeza chifukwa chokhalira. Ogasiti yense ndi Seputembala ndinathera pampando. Mphepo inkaulutsa fumbi la m'milu yakale ya mgodi, ine n'kutseka mazenera. Maliro a mnzanga wina wakuchigayo anadutsa pamsewu wathu, koma ndinalephera kuperekeza ngakhale kufika pageti. Kuchimbudzi ndinayamba kupita chogwira khoma.

Pa tsiku lokaonedwanso, mayi wa mafizo uja anandigwira ntchafu n'kupukusa mutu. Ndinamufotokozera zonse, ndi za kumpingo zomwe. "Yoga si yoipa, ena amachita atakhala pampando," anatero. "Koma inu pansi mwayamba kupaopa. Yambani ndi yoimirira. Palibe amene akukuuzani kupembedza kanthu, Sekuru. Mukafuna, muzinena pemphero lanu uku mukukweza manja."

Ndinayamba tayichi mu Okutobala, dzanja limodzi litagwira mpando. Kukweza dzanja uku ndikukoka mpweya ndi mphuno, kulitsitsa uku ndikuutulutsa pakamwa pang'onopang'ono. Poyamba ndinkakhala pampando kupuma ndisanafike patali. Odutsa pamsewu ankaseka kuti mdala wayamba kugwira ntchentche. Enelesi sanakondwe kuti ndasiya yoga, koma atabwera pa Khirisimasi anandipeza ndikuchita osagwira mpando, ndipo anangopinda kamphasa kake.

Sindinachire, ndipo sindidzachira. Ndimagonabe chotsamira, ndipo chisanu chikafika chifuwa chimabwerera. Mankhwala ndimamwa, kuchipatala ndimapita pa tsiku limene andiuza. Koma ndimasamba ndekha, ndimakonza njinga imodzi imodzi, ndipo kutchalitchi ndimafika wapansi, ndikupumira panjira. Phuma likandigwira sindichitanso mantha ngati kale. Ndimaima, n'kutsitsa mapewa, n'kuutulutsa mpweya mofatsa mpaka chifuwa chitamasuka.

Kwa anzanga amene munagwirapo ntchito m'fumbi, kaya la asibesitosi, la golide kapena la kuromu, chifuwa chikakhalitsa musadikire kuti chisanu chithe. Ine ndinadikira, ndipo chibayo chinawononganso mapapo amene anali atawonongeka kale. Pa nkhani ya yoga ndi tayichi, funsani akuchipatala, musankhe imene thupi lanu lingathe kubwereza mawa. Tinali ambiri kuchigayo kuja. Otsalafe tipite kukayezetsa tikadatha kuyenda tokha.