Mandasi a alamu anga

Ndinakwatiwa kufupi ndi Chamama, kubanja la alimi a fodya. Chaka chimene ndikukambachi mwana wanga woyamba anali atangoyamba kukwawa. Pamaso pa apongozi anga sindinkayankhula zambiri. Akandifunsa kanthu ndinkayankha ndikuyang'ana zala zakumapazi, ndipo n'chifukwa chake ankandikhulupirira.

Mlongo wa amuna anga, chitsirizira m'banjamo, ankaphunzira kuyunivesite. Anabwera kutchuthi nthawi yosankha fodya. Apongozi atangomuona akutsika pakabaza anagwira pakamwa.

"Mwana wanga mabuku amudya. Taonani khosilo, ngati nkhuku ya chitopa."

Tsiku lomwelo lamulo linatuluka. Wophunzira asatunge madzi, asasinje, asalowe m'chigafa momwe tinkasankhira fodya. Ntchito yake kukhala pampando pakhonde n'kumadya. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Amake mwana, ameneyu ndamuika m'manja mwanu. Akabwerera kusukulu ali chonchi, anthu adzati pakhomo pano pali mtengwa woumira."

Kwathu kuno munthu akachoka pakhomo ali woonda, mlandu ndi wa wophika. Ndiye ndinayamba. M'mawa tiyi wamkaka, shuga wochita kumata milomo, ndi mandasi odzaza mbale. Masana futali wa mbatata wa nsinjiro zambiri. Amuna anga akapita ku Chamama ankabwera ndi chipisi ndi zakumwa za m'botolo.

Sabata isanathe alamu anandikokera kuchipinda kwawo.

"Alamu, mukundipha."

Anandifotokozera kuti kusukulu kwawo kunabwera azaumoyo kudzayeza ophunzira. Ankawapatsa kachitsulo kofinya m'dzanja kuti aone mphamvu, ankawayeza m'chiuno, n'kuwatenga magazi pachala. Iwo anapitako akuseka anzawo onenepa, poganiza kuti woonda alibe mlandu. Koma anauzidwa kuti mnofu alibe, mafuta anabisala m'kati mwa mimba, ndipo shuga wayamba kukwera m'magazi. Kusukuluko chakudya chawo chinali chipisi chomwechi, kenako kukhala pansi tsiku lonse. Anawalangiza kuchepetsa zotsekemera ndi zokazinga, ndi kulipatsa thupi ntchito yolemera.

"Amayi mwawauza?" ndinafunsa.

"Ndinayesa. Akuti shuga ndi matenda a mabwana amimba, osati a kamtsikana kooneka nthiti."

Ndinawagwira mkono. Unali wofewa ngati nthochi yakupsa.

"Mkono uwu ndi wonyamulira foni basi? Adzakubwezani ku ukwati inu."

"Nanga inu achimwene anakutolani kuti, pakamwa ngati mpeni chonchi?"

Pamudzi ponse ndi iwo okha amene ndinkatha kuseka nawo motero. Tinagwirizana kusinthana: iwo atenge ntchito yanga, ine nditenge mbale yawo.

Apongozi m'mawa uliwonse ankapita kudimba. Akangokhota kuseri kwa mitengo ya bulugamu, alamu ankavula nsapato n'kunyamula ndowa. Ankapopa mjigo, kusinja, kututa mitolo ya fodya, kenako n'kudya mgaiwa wanga wa nyemba ndi nkhwani. Ine ndinkakhala pampando wawo uja, mwana pamwendo, ndasi m'dzanja, n'kumalamula ngati kapitawo wa pa esiteti.

"Musiwo musamaunyengerere, si mwana. Kwezani."

"Alamu, mapewa akuyaka moto."

"Ndiwo mafuta obisala aja akutuluka. Pitirizani."

Chakudyacho kutaya sindikanatha. Kutaya chakudya ndi tchimo, komanso nkhuku zikanatiulula. Ndiye ndinkadya chonse, mpaka nyenyeswa. Apongozi pobwera ankapeza mbale zoyera, mwana wawo ali pampando ndi buku lalikulu, manja a matuza atawabisa pansi pake.

Masabata anapita. Alamu anayamba kudzaza ndowa osapumira, kukwera nayo kamtunda ka kumjigo osapuma wefuwefu. Koma kunenepa ayi. Amene ankanenepa ndi ine. Masaya anatuluka, bulauzi inayamba kukana mabatani, chitenje chimene chinkazungulira bwinobwino chinayamba kuperewera. Ndinkaona apongozi akundiyang'ana cham'mbali, ndipo ndinkati andigwira kuti ndikudya za mwana wawo.

Maganizo awo anali kwina. Tsiku lina masana anatiitana ine ndi amuna anga kuseri kwa chigafa. Tinapeza atakhala ndi azakhali a amuna anga, nkhope zili gwa.

"Mwana uyu sanayambe n'kuyenda komwe," anatero apongozi. "Mwathamangira chiyani? Mukufuna kumutumbiza?"

Kutenga mimba ina mwana akadali kubere ndi manyazi aakulu kwathu kuno, ndipo akuluakulu amati mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa mwana. Amuna anga anandiyang'ana, kenako anayang'ana denga la chigafa ngati yankho lapachikidwa pamodzi ndi fodya.

"Kuyambira mawa mwanayu asiye bere," anatero azakhali. "Azigona kwa agogo ake."

Mwanayo anali kumsana kwanga, akundikoka duku. Ndikanakhala chete monga mwa masiku onse akanamutengadi. Ndinayang'ana zala zanga zakumapazi.

"Amayi, si mimba. Ndi mandasi."

"Mwati chiyani?"

"Ndi mandasi a alamu. Ndi futali yemwe."

Alamu anali akumvetsera m'chigafamo. Anatuluka, masamba a fodya ali m'tsitsi, n'kufotokoza zonse, kuyambira kachitsulo kofinya kaja. Kenako anapinda mkono n'kuupereka kwa mayi awo. Apongozi anautsina, n'kuutsinanso. Anatembenuza dzanja n'kuona zikang'a.

"Ndiye shuga wanga yense uja anapita kuti?"

"Ali apa, amayi," anatero amuna anga akuloza ine, mawu atabwerera.

Azakhali anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Atapuma anati amuna awo nawonso ndi woonda ngati bango, koma akumwa mankhwala a shuga, ndiye za mwanayu zisatengedwe mwachibwana. Apongozi anasendera kwa ine. Anangomasula mdzukulu wawo kumsana kwanga, kumuyang'ana masaya, n'kundibwezera.

"Muyamwitseni. Chakudyacho bola sichinapite kutali."

M'mawa mwake mandasi sanaoneke. Pakhonde panali ndowa ziwiri, ndipo mpando uja anali atakhalapo apongozi eni ake.

"Kumjigo mupite nonse. Wina akalimbe, wina akaphwe."

Alamu anabwerera kusukulu ali woonda chomwecho, koma chikwama anakweza okha pakabaza. Patapita miyezi anaimba foni kuti awayezanso ndipo shuga watsika. Atatha kuyankhula ndi mayi awo anati andipatse ine.

"Alamu, chitenje chija chayamba kukwana?"

Apongozi anali pomwepo, ndiye ndinangoti, "Tili bwino, kaya inu."