Bambo a Tadala mulibe mu mndandanda wa gofu

Loweruka amuna anga, bambo a Tadala, anabwera ku gofu akuimba. Akuti agonjetsanso onse pa bwalo la m'tauni mwa Kasungu, kumene anaphunzirira masewerawa akunyamulira mabwana ndodo.

"Mlamu, tayang'anani pa foni yanuyo," anauza mng'ono wanga. "Pali mndandanda wa dziko lonse wa ife osewera mongokonda, osalembedwa ntchito. Ndili pa nambala chani?"

Mtsikana uja anafufuza mpaka foni kutentha. Mulibe.

"Mwalemba bwino dzina?"

"Alamu, dzina lanu ndimalidziwa. Inuyo ndi amene sakukudziwani."

Ndinaseka, koma nditaona nkhope yawo ndinaleka.

Mng'ono wanga anatiwerengera mmene zimayendera. Olemba mndandandawo sawerengera masewera alionse ayi, koma mipikisano yokhayo imene akuluakulu a gofu anaivomereza. Amaonanso amene wapikisana nawo: kukhala wachisanu pakati pa akatswiri kungapose kugonjetsa anzako a Loweruka lililonse. Ndipo zimene unachita zaka ziwiri zapitazo zimafufutika. Tsabola wakale sawawa.

Ine sindinadabwe. Si mmene alili fodya? M'chigafa mwako tsamba lililonse limaoneka lagolide. Giredi yake yeniyeni umakaimvera ku okushoni, belo lako litagona pafupi ndi la wina.

Tsono vuto nali. Akuti mpikisano wovomerezeka wotere uliko ku Lilongwe mwezi wamawa, nthawi yomwe timakhala pansi kusankha fodya. Bambo a Tadala ali ndi diso la masamba kuposa tonse pakhomo pano. Akachoka, tikhoza kusakaniza magiredi, belo n'kubwezedwa.

"Basi, ndidzapita chaka china," anatero, akupukuta ndodo imene inali yoyera kale.

Chaka china chiti, abale? Chaka chopanda fodya ku Njombwa kuno?

Timatero ife. Mwana woimba bwino, mayi wodziwa kusoka, timawatamanda pakhomo mpaka kukalamba. Tsiku loti akadziyese ndi anzawo likafika, timati kunyumba kuli ntchito. Ntchito inayamba yathapo?

Lolemba ndinapita kwa apongozi, Tadala ali kumbuyo.

"Amayi, mudzatithandize kusankha fodya. Ana anu akupita ku Lilongwe."

"Kukamenya kampira kaja? Nanga akakaluza?"

"Akaluzire komweko, amayi. Kuno atopa n'kupambana."

Apongozi anati ndiwasungire mpando wotsamira, msana wawo si wa pamphasa.

Nanga inu, kwanuko mukumusunga ndani m'chigafa?