Achemwali Anasankha Ndege ya M'mawa

Achemwali anga ali ndi mano awiri oikirira kutsogoloku, ndipo akamaseka amaphimba pakamwa ndi dzanja. Anthu amene awadziwa posachedwa amati ndi mayi wamanyazi. Manyazi ati! Mayi ameneyu anandilera ine makolo athu atamwalira, ankakangana ndi eni nyumba mpaka eni nyumbawo kupepesa, ndipo sindinawaonepo atagona dzuwa lili kunja.

Ntchito anayambira kochapira zovala pahotela ina, kusita mashiti kuyambira m'mawa mpaka miyendo kutupa. Ali komweko anakwatiwa ndi bambo wina wogwira ntchito kophera ng'ombe. Ndimawatcha alamu chifukwa pakamwa panazolowera, koma ulemu ndinauchotsamo kalekale. Mumsewu anali munthu wa moni kwa aliyense, woyankhula motsitsa, wothandiza amayi kusenza katundu. Akangotseka chitseko cha nyumba yawo ankasanduka chinthu china. Anawathyolapo achemwali nthiti chifukwa cha malaya amene anapserera pakolala. Tsiku lina anawakoka tsitsi kuchokera pamasitepe mpaka kuchipinda, anthu a nyumba zoyandikana nkumangokweza mawailesi. Mabalawo ndinkatsuka ndine, kusaluni kwanga, kuseri kwa katani, makasitomala akudikira ndi mitu yonyowa.

Kenaka kunapezeka ntchito kutsidya kwa nyanja yamchere, kunyumba yosamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwatembenuza pabedi, kuwadyetsa. Alamu analola, koma anagwira mwana. Mwanayo ndi mtsikana, tonse timamutcha Phwiti chifukwa cha kuchepa thupi.

"Pita," anatero alamu. "Koma Phwiti sachoka pano."

Achemwali anapita akudzitonthoza kuti munthuyo amamenya mkazi basi, mwana wake sangamukhudze.

Ulendo wobwera kuno ndi wa usiku wonse mundege, ndipo dzuwa la kumeneko siliyendera limodzi ndi lathu. Kuno kukamacha, kumeneko anthu amakhala atangolowa kumene m'mabulangete. Achemwali ankati munthu umatsika ndege ndi katundu yense, koma thupi limatsalira m'mbuyo nkumakutsatira wapansi. Atavutika nazo pa tchuthi choyamba anadziikira lamulo, ndipo ankalilalikira kwa aliyense ngati m'busa: sankha ndege yofika madzulo, idya pang'ono, samba, gona pamodzi ndi anthu, mawa udzuke ndi dzuwa. Ya m'mawa ankati ndi ya anthu odana ndi moyo wawo, chifukwa umayenda tsiku lonse ngati woledzera, ndipo tulo take sitipempha chilolezo.

Chaka chimene Phwiti analowa sitandade folo, aphunzitsi ake anabwera kusaluni kudzaluka tsitsi. Ndili pakati pa mutu anandigwira dzanja nkunena motsitsa kuti mwana wa achemwali ali ndi mikwingwirima ya lamba msana wonse, ina yakale, ina yatsopano. Ndinamaliza kuluka mizere ikupita uku ndi uku, ndipo atangotuluka ndinaimba foni.

Achemwali sanalire. Anangoti, "Ndikwera ndege yofika m'mawa."

"Achemwali, si inu nomwe mumati ya m'mawa imapha munthu?"

"Yamadzulo ndikafika mwamuna wanga ali pakhomo. Ndikati ndigone kwa iwe, pofika mawa wamva kale, msuweni wake uja amakankha matolole a katundu pabwalo la ndege. Mwamuna wangayo amachoka mbandakucha, amabwera dzuwa litapendeka. Mwana amaweruka masana. Kiyi ndili nayo. Ndilongedza, ndimutenga, tikupeza kudepoti."

Kusukulu sakanamutenga, chifukwa alamu anasiya mawu akuti aliyense wofuna mwanayo ayambe awaimbira iwo. Ine achemwali anandiletsa kuyandikira nyumbayo, poti anthu a pamalopo ankandidziwa ngati wandewu, ndipo wina akanathamangira foni atangoona nkhope yanga. Ntchito yanga inali kugula matikiti a basi yopita kwa azakhali athu, kutawuni ina, nkudikira.

Zimene zinachitika m'nyumbamo m'mawa umenewo ndinazimva kwa achemwali eni ake pambuyo pake. Mundege tulo sanatione, maso anali gwa usiku wonse, mutu uli pa msana wa mwana. Atatsika anasukusula ndi madzi ozizira, anamwa khofi wopanda shuga, ndipo mutakisi anatsegula windo kuti mphepo iziwamenya kumaso. Malamulo a tsiku lotere ankawadziwa onse: usakhale pansi, usavule nsapato, usatseke makatani. Analowa m'nyumba nkutsegula mawindo onse. Analongedza ataimirira, madiresi, juzi, mabuku a kusukulu, kachidole kopanda mkono. Pansi pankaoneka ngati pakupendekeka, makutu akulira, koma anapirira mpaka sutikesi inadzaza.

Zinatsala nsapato za kutchalitchi, zimene zinali kunsi kwa bedi la mwana. Anagwada kuti azikoke. Nkhope yawo inafika pa pilo, ndipo piloyo inkanunkhira mafuta a m'mutu mwa Phwiti, amene anali asanamugwire chaka chathunthu.

"Ndinangoti ndinunkhizeko," amatero achemwali mpaka lero.

Ine kudepoti ndinali pamoto. Basi yathu inadzaza nkunyamuka ndikuiona. Ndikaimba foni, sikulowa, poti yawo inali chizimitsire cha mundege. Ndinasintha matikiti, ndinayenda uku ndi uku mpaka ogulitsa madzi anayamba kundiseka kuti chibwenzi chandithawa. Basi yachiwiri itayamba kuliza injini ndinayang'ana mthunzi wa mpanda nkuona kuti watalika. Ndinaiwala zonse zimene tinapangana nkukwera takisi.

Pakhomo ndinapeza majombo oyera a alamu ataimikidwa bwinobwino, mmene ankachitira masiku onse. Pamasitepe panali anthu, amayi ndi abambo, manja ali m'chiuno, wina akudya chingwa. M'kati munkamveka chinthu chikugunda khoma. Ndinawakankha onsewo nkulowa.

Alamu anali atapeza sutikesi pabalaza nkumvetsa zonse. Anadzutsa achemwali ndi mateche a m'nthiti, nkuwakoka mwendo kuchokera kuchipinda. Pamene ndinkalowa achemwali anali atatsamira khoma, magazi akutsika pachibwano, maso akuyang'ana ngati munthu amene sakudziwa dziko limene ali. Alamu anali atakulunga lamba kudzanja, chitsulo chake chikulendewera. Anawakwapula nacho pakamwa ndikuona, ndipo ndinamva mano akuthyoka. Phwiti anali kunsi kwa tebulo atakumbatira mawondo, osalira, osatulutsa ngakhale kamawu.

"Wakuba iwe!" ankatero alamu, koma motsitsa, ndi mawu omwe aja a moni wa mumsewu. "Kubwera kudzaba m'nyumba mwanga, nkugonamonso?"

Ndinawalumphira kumsana nkuwaluma khutu mpaka mkamwa mwanga munadzaza mchere. Anandikutumula ngati thumba, ndinakagunda kabati, mbale zonse nkundigwera. Pamene ndinkadzuka anali atawagwetsa achemwali chagada, bondo lili pachifuwa, manja aakulu aja ali pakhosi. Nkhope ya achemwali inayamba kuda, miyendo ikupalasa pansi pa zidutswa za mbale. Ndinakuwa kuitana anthu a pamasitepe, koma palibe analowa.

Mayi ameneyu tsiku lililonse amatembenuza nkhalamba zonenepa zimene sizitha kudzithandiza. Ndinaona dzanja lawo lina likupita paphewa la alamu, lina m'chiuno, bondo nkulowa kunsi, ndipo chimunthu chonse chija chinagubuduka nkukamenyetsa mutu pa mwendo wa chitofu. Asanadzuke ndinatola simbi yositira imene inali pashelufu nkuwamenya nayo padzanja la lamba. Achemwali anandilanda simbiyo. Anaimirira akudzandira, anaigwira ndi manja awiri, nkuitsitsa pabondo la amuna awo, kenanso, kenanso, mpaka munthu uja anabangula ngati ng'ombe za kuntchito kwawo. Ndikunena mosabisa, mtima wanga unakondwa.

Achemwali analavula magazi, anagwada movutika nkutambasula mkono kunsi kwa tebulo.

"Tiye, mwanawe."

Sutikesi tinaisiya. Anthu a pamasitepe anatipatukira, ndipo amene ankadya chingwa uja ndinamulavulira pansapato.

Alamu sanatitsate, bondo silinalole, ndipo nkhani inakathera kukhoti kumene mwana anaperekedwa kwa mayi ake. Koma zimenezo ndi za pambuyo. Madzulo amenewo tinali pabenchi ya pachipatala, kudikira kuti achemwali asokedwe mlomo. Anali atatsamira khoma, nsalu ili pakamwa, zikope zikugwanso. Ine ukali unali usanathe, ndipo posowa pogwera unagwera pa mwana.

"Iwe Phwiti, unafika nthawi yanji kunyumba?"

"Masana, anti."

"Amayi ako unawapeza?"

"Eya. Anali akugona, atagwada pabedi langa."

"Ndiye unatani?"

"Ndinawavula nsapato. Ndinawafunditsa bulangete, ndinatseka makatani kuti dzuwa lisawavute. Kenaka ndinakhala pambali pawo."

"Masana onse? Sutikesi uli kuiona? Osawadzutsa bwanji, mwana wopusa iwe? Taona nkhope ya amayi ako!"

Anandiyang'ana modabwa, ngati ndafunsa chinthu chimene ngakhale khanda limadziwa.

"Munthu wamkulu akagona sadzutsidwa, anti."

Anatukula dzanja lake lamanzere. Chala chakumapeto chinali chokhota, cholozera kumbali, chopola chokha popanda dokotala.

"Apa ndinawadzutsa adadi kuti pakhomo pali alendo."

Ndinkaganiza kuti achemwali agona, koma anali atamva. Anachotsa nsalu pakamwa, ndipo mawu ankatuluka movutika pakati pa mano othyokawo.

"Phwiti, tamvera. Tulo tikunditenganso. Anesi akaitana, undidzutse iweyo. Osati anti ako, iweyo. Undigwedeze zenizeni, wamva?"

Mwana anagwedeza mutu movomera. Posakhalitsa mutu wa achemwali unagwera paphewa, nsalu nkutsetserekera pamiyendo.

Anesi anatuluka nkuitana. Ndinatsala pang'ono kutambasula dzanja, koma ndinalibweza nkulikhalira. Phwiti anaimirira patsogolo pa mayi ake. Dzanja lake linakwera, linaima m'malere, linatsika, linakweranso. Anesi anaitananso, tsopano mokalipa, ndipo anthu a pabenchi anayamba kutiyang'ana. Milomo ya mwana inkayenda koma mawu osamveka.

Pamapeto pake anawakhudza paphewa ndi chala chimodzi.

"Amayi."

Achemwali anatsegula maso. Anapeza mwana wawo atawerama, mikono yonse iwiri ataphimba nayo kumutu, akudikira.