Masiku Atatu Osintha Mashoko ku Nsaru

Ndinayamba kuyendetsa galimoto ndili kale ndi imvi. Zaka zonse woyendetsa anali amuna anga, ine ndinkangokhala pambali. Atadwala matenda ofa ziwalo, dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, lilime nalo linalemera, ndiye chiwongolero chinatsalira ine. Lachinayi lililonse ndinkawatenga kuchokera kwathu, kufupi ndi Kabudula, kupita nawo kuchipatala ku Namitete kukachita mafizo olimbitsa ziwalo.

Mvula ya chaka chimenecho itatha, galimoto inayamba kugogoda kutsogolo. Ikangoponda kadzenje, gu! Kenako inkapitiriza kunjanja ngakhale msewu utasalala. Ine ndinkati vuto ndi msewu. Amuna anga ankamenya chitseko ndi dzanja lamanzere n'kumaloza pansi. Tsiku lina analimbana ndi mawu mpaka anatuluka.

"Ma... shoko. Kwa achimwene. Ku Nsaru."

Achimwene amenewa sanali abale awo. Anali amakaniko achisilamu, anzawo a kalekale, kuyambira nthawi imene onse awiri ankagwira ntchito pamalole onyamula fodya. Galaji yawo inali pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa sitolo ya akazi awo.

Ndinapita Lachitatu m'mawa. Odwala ndinawasiyira mng'ono wanga, n'kumuuza kuti ndibwera dzuwa lisanafike pamutu. Amakaniko anakankhira pansi ngodya ya galimoto n'kuisiya, ndipo inadumpha katatu isanakhazikike. Anaikweza ndi jeke, n'kuchotsa tayala.

"Alamu, bwerani muone," anandiitana. "Mashoko awa ndi amene amagwira galimoto kuti isamadumphe. Onse awiri ataya mafuta. Koma taonaninso apa."

Anandionetsa chitsulo chimene amati mkono, chogwira tayala kumunsi. M'mabowo ake munali mphira zong'ambika ngati zidendene za m'chilimwe.

"Awa ndi mabushi. Atha, ndiye chitsulo chikumenya chitsulo chinzake."

"Kodi zitha nthawi yanji? Ndasiya odwala kunyumba."

"Mashoko okha, zitsulo zikamvera, ndi maola atatu kapena anayi. Za mabushi sindilonjeza. Galimoto iyi yamwa matope zaka zambiri."

"Bwanji tingosintha mashoko okhawo?"

"Nditha kutero. Koma mudzabweranso matayala atadyeka mbali imodzi. Nanga achimwene akadzandifunsa ndidzati chiyani?"

Zipangizo anaitanitsa ku tauni, zinabwera pa minibasi masana. Atatsegula katoni, anapeza kuti mashoko onse awiri ndi a mbali yakumanja. Anabweza imodzi pa minibasi yomweyo. Poyembekezera anayamba kumasula, koma bawuti yaikulu ya mkono wakumanzere inakana. Dzimbiri linali litaigwira. Anaimenya ndi hamala, anaiwotcha, analowetsa sipanala m'paipi yaitali n'kuikolekera ndi thupi lonse, koma osasuntha. Dzuwa litapendeka ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kubwerera kunyumba. Mawa lake linali tsiku la mafizo, ndipo zinali zoonekeratu kuti tijomba.

Kunyumba ndinawafotokozera amuna anga mokwiya. Ndinati mwina anzawowo akalamba, ntchito yayamba kuwakanika.

M'mawa ndikuchokera kodyetsa nkhuku, ndinawapeza atakhala pakhonde, atavala okha malaya, mabatani atasemphana, nsapato zili kuphazi. Chidwalireni anali asanapemphepo kupita kulikonse. Ngakhale kutchalitchi ankakana, chifukwa anthu ankawalankhula mokuwa ngati ogontha, ena n'kumandifunsa ine kuti agona bwanji iwo ali pomwepo.

"Nsaru," anatero.

Ndinayesa kuwaletsa, koma anagwira ndodo yawo n'kuimirira. Mwamwayi aneba athu ankapita ndi soya kumsika, ndiye anatitenga kutsogolo kwa kalole kawo.

Amakaniko atationa anatuluka pansi pa galimoto, n'kupukuta manja pa ovololo. Sanadandaule, sanafunse za matenda. Anakoka mpando wakale wa minibasi n'kuuika pafupi ndi tayala.

"Mwachita bwino kubwera, achimwene. Galimoto yanuyi yandichititsa manyazi pamaso pa alamu. Taonani bawuti iyi."

Anawafotokozera zonse zimene anayesa, ndi mawu a masiku onse, kenako anakhala chete kudikira yankho. Amuna anga anawerama n'kuyang'anitsitsa. Anayamba kulimbana ndi mawu. Ine ndinatsala pang'ono kuwayankhulira, monga ndinazolowera, koma amakaniko anandikwezera dzanja kuti ndidikire.

"Mafuta... a mabuleki," anatero amuna anga pamapeto pake. "Isiyeni... imwe. Mumange kaye... kenako... mumasule."

Amakaniko anawomba m'manja kamodzi. "Eti! Mmene tinkachitira pa malole aja. Ine ndangothamangira moto."

Ananyika kansanza m'mafuta a mabuleki, n'kukakulunga pabawutipo, n'kumadonthezera ena pakapita nthawi. Podikira anayamba za mashoko, poti yakumanzere inali itafika m'mawa. Shoko iliyonse imakhala m'kati mwa sipuling'i yaikulu, ndipo kuti ituluke, sipuling'iyo imayenera kupanidwa kaye ndi zitsulo ziwiri zamazinga. Anandiuza kuti ndikakhale kukhonde la sitolo, akuti ikapulumuka imatha kuthyola munthu nsagwada. Ndinkawaonera patali akumanga mbali iyi pang'ono, mbali inayo pang'ono, thukuta lili kamukamu. Akazi awo anandipatsa tiyi ndi zitumbuwa, tinacheza za mitengo ya feteleza ndi za ana athu amene ali kutali.

Cha m'ma thuu koloko anabwerera ku bawuti ija. Inkafunika munthu wogwira nati kumbuyo kuti isazungulire limodzi. Ndinadzipereka, koma amakaniko anaika sipanala m'dzanja lamanzere la amuna anga, n'kuitsamiritsa pabondo lawo.

"Gwirani zolimba, achimwene. Mukalekerera ndigwa chagada."

Anakoka paipi ngati akumanga, bawuti inalira pang'ono. Anabweza. Anakokanso, anabwezanso. Kachitatu tinangomva kuti thwa! Dzimbiri linayoyoka pansi, bawuti n'kuyamba kuzungulira. Amuna anga anaseka. Kunali kuseka kopotoka, kwa mbali imodzi ya kamwa, koma kunali kwawo, ndipo ndinali ndisanakumve miyezi isanu ndi itatu. Ndinapita kukhonde la sitolo kukapukuta m'maso ndi chitenje.

Ndinkaganiza kuti basi zatha, koma mabushi ndiwo anadya nthawi yeniyeni. Analipo anayi. Lililonse ankayamba awotcha mphira yakale, kenako n'kudula ndi sowo kachitsulo kozungulira kotsalira m'bowo, mosamala kuti asacheke mkono. Makina okanikizira atsopano analibe. Ankaika mkono pa jeke, pansi pa lole yakufa imene inali pagalajipo, n'kumapopa kuti kulemera kwa loleyo kulowetse bushi. Limodzi linalowa mopendama chala chimodzi chokha. Ine sindinaone n'komwe, koma iwo analitulutsa n'kuyambiranso. Tsikulo anamaliza awiri.

Lachisanu tinabweranso tonse. Itakwana nthawi ya mapemphero, amakaniko anasamba, anavala mkanjo woyera n'kupita kumzikiti. Tinatsala awiri pansi pa mango. Amuna anga anandilozera bulashi ya waya ndi chitini cha girizi. Ndinakhala pansi n'kumatsuka mabawuti imodziimodzi, iwo akuyang'ana mazinga n'kumandibwezera amene sanayere. Pa zaka makumi atatu za ukwati wathu, aka kanali koyamba kugwira nawo ntchito ya galimoto.

Amakaniko atabwera anamaliza mabushi awiri otsala n'kumangirira zonse, koma mabawuti a mikono sanawalimbitse mpaka galimoto itatsika pa jeke n'kuima ndi matayala ake. Anati akamangiratu ili m'mwamba, mphira imapotoka n'kung'ambika msanga. Anagona chagada pafumbi, malo ali ochepa, n'kumamanga pang'onopang'ono. Kenako anandiuza kuti ndiyendetse mpaka kumapeto kwa msika, iwo atakhala kumbuyo, khutu lili tcheru. Galimoto inadutsa m'maenje mwakachetechete. Anandilangiza kuti sabata isanathe ndipite nayo ku Njewa akaiwongole matayala pa makina, chifukwa zimenezo ndi maso okha sizitheka.

Potsazikana ndinawapepesa. Ndinaulula kuti Lachitatu lija ndinawanena kunyumba kuti akalamba.

"Simunaname, alamu," anaseka. "N'chifukwa chake ndikupempha kuti Lachiwiri lililonse, mukamabwera kumsika, muzindisiyira achimwenewa. Makutu angawa ayamba kundinamiza, koma iwo injini ikangolira amadziwa pamene pali vuto."

Ndinkayesa akungotisangalatsa, koma Lachiwiri lotsatira anaimba foni kufunsa ngati tanyamuka. Kuyambira pamenepo ndimawasiya pagalaji m'mawa n'kukawatenga masana. Dzanja lamanja silinachire, ndipo mawu amatulukabe movutikira. Koma oyendetsa maminibasi a ku Nsaru amaima n'kudikira mpaka amalize chiganizo, chifukwa anaona mwini galaji akudikira. Chaka chilichonse ndikakolola, thumba loyamba la mtedza ndimakalitula kusitolo kwa akazi awo, ndipo chaka chilichonse amandikalipira kuti ndawonjeza.