Phiri la Kuseri kwa Waya

Ukaima pa chigafa chathu cha fodya ku Lukwa, kunja kutayera, phirilo limaoneka cha kumadzulo, kuseri kwa waya wa paki. Kwa anafe linali phiri chabe. Abambo ankati ndi kwawo.

Anabadwira m'tsinde mwake. Atangoyamba kubusa mbuzi, boma linasamutsa mudzi wonse chifukwa cha kaodzera, kenaka malowo anasanduka a nyama. Amayi awo anali atamwalira kale ndi nthenda yomweyo, ndiye anatsala komweko. Abambo sanapondekonso mpaka kukalamba.

Chaka chimene ndikukambachi tinalandira kuponi ya feteleza, ndipo chimanga chinabereka mosiririka. Chili pafupi kukhwima, tinadzuka m'mawa wina n'kupeza njovu zitathyola waya n'kudutsa m'munda. Zimene sizinadye zinapondaponda. Amayi anakhala pansi pamzere n'kuyamba kulira. Abambo, amene maso awo anali atayamba ng'ala, ankangoyenda ndi ndodo yawo m'mapesi ogwawo.

Masana kunabwera msilikali wa paki kudzaona zoonongekazo. Tonse tinkayembekeza kuti abambo amukalipira. Koma iwo anamupatsa mpando n'kumufunsa ngati kasupe wa kum'mawa kwa phiri lija akadatulukabe madzi, ndiponso ngati mkuyu waukulu wa pambali pake ulipobe. Munthuyo anadabwa. Anati phirilo amalidziwa, koma mkuyuwo sakuukumbuka. Atamva nkhani yonse analonjeza kukawapemphera chilolezo kwa akuluakulu ake, kuti udzu ukapsa adzawatenge n'kupita nawo kuphiriko.

Chaka chimenecho tinavutika ndi chakudya, ndipo maso a abambo anatheratu m'nyengo yozizira. Pamene galimoto ya paki inkabwera, dzuwa litafika poswa mtengo, ankangosiyanitsa usana ndi mdima. Amayi anawaletsa, ati mukaonako chiyani. Iwo anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kundiuza kuti ndiwagwire dzanja.

Pafupi, phirilo silinali monga ndinkaliganizira. Linali miyala ikuluikulu yosanjikizana, mitengo ya msuku ndi mombo itamera m'ming'alu, mbira zikuthawira m'mapanga. Anyani anatikuwiza ali pamwamba. Abambo atawamva anaseka, ati awa okha ndiwo sanasamutsidwe.

Tinakwera pang'onopang'ono. Msilikali uja anatifikitsa pa ng'anjo yakale yadothi, yogumuka mbali imodzi, mmene makolo ankasungunuliramo chitsulo. Abambo anaipapasa ndi manja onse awiri, n'kutiuza kuti malume awo ankasula makasu pompo, ndipo akazi sankaloledwa kuyandikira. Anatiuzanso za mpanda wamiyala cha kumtunda, kumene anthu ankabisala nthawi ya nkhondo za Angoni, ndi za phanga la zojambula zofiira zimene ngakhale agogo awo anazipeza zilipo. Zonsezo tinazionadi, ine ndi msilikali. Abambo anatsala pamwala, mpweya utawachepera.

Titatsika tinayamba kufunafuna manda a amayi awo. Kasupe tinamupeza, ali wouma, mchenga wokhawokha wokumbidwa ndi njovu. Mkuyu panalibe, ngakhale chitsa. Abambo anati kuchokera pakasupe tilunjike kumene dzuwa limatulukira, tipeza chulu, mandawo ali pomwepo. Zulu zinalipo zambiri. Tinazungulira mpaka mithunzi kutalika, msilikali akukankha masamba ouma ndi nsapato, koma paliponse panali tchire lofanana.

"Ukuona chiyani, mwanawe?" anandifunsa abambo.

"Mitengo yokhayokha, bambo."

"Mbale yosweka, mphika, palibe?"

Ndinayang'ananso ngakhale ndinkadziwa. "Palibe, bambo."

Abambo anavula chipewa n'kugwada pomwe anali, pa nthaka yakupsa, phulusa likudetsa thalauza lawo. Sanapemphere monga ankachitira pa mapemphero a kumudzi. Anayankhula ndi amayi awo monga mwana, kuwauza kuti anakwatira, ali ndi ana ndi zidzukulu, kuti alongo awo onse anapita, wotsala ndi iwo okha. Msilikali anapatuka n'kukaima patali, mfuti ataitsamiritsa pamtengo.

Pobwerera, titayandikira kumudzi, abambo anangofunsa ngati anyamata athirira nazale ya fodya.

Anadwala mvula itayamba, ndipo anamwalira tikusoka fodya woyamba. Tinawaika kumudzi kwa amayi athu, kumene anakhala chikwatirire ngati mkamwini. Msilikali uja anamva mochedwa. Anabwera panjinga tsiku lotsatira, atavala zovala wamba, anakhala pamphasa ndi amayi kanthawi, n'kupempha kuti timuperekeze kumanda.