Nsungwi ya Mfundo Ziwiri

Kwathu kuchigwa cha Shire madzi osefukira si alendo. Amabwera, amatenga zimene afuna, ndipo akaphwa anthu amatsika ndi ndodo kukafufuza m'matope. Ukapeza katundu wako wolemera, woti sunganyamule wekha, umazika bango pomwepo n'kumangapo kansanza mfundo ziwiri. Aliyense wodutsa amadziwa kuti pali mwini. Tsiku lodzatenga umamasula mfundozo, n'kugoneka bangolo pansi, kansanza pambali pake, kuti anzako adziwe kuti katunduyo wapita kwa mwini wake, sanabedwe. Ndinakula ndikuona zimenezi, ndipo ndinkayesa kuti kulikonse anthu amatero.

Ndinabwera ku Blantyre mayi anga atamwalira. Azakhali, mlongo wa bambo anga, ananditenga kuti ndizikhala nawo m'munsi mwa phiri la Soche. Ndinafika ndi kachikwama kamodzi ndi makina osokera a mayi, aja opukusa ndi dzanja. Pathabwa lake panali chipsera chakuda, pomwe koloboyi inagwerapo ine ndili wamng'ono. Mayi anali atandiphunzitsa kupinda ndi kuika zipi. Zotsalazo ndinkati ndidzaphunzira m'tauni, kenako ndidzapeze khonde langa losokerapo. Ndinalibe china chilichonse chimene ndikanati n'changa.

M'nyumbamo munalinso mwana wa azakhali, msuweni wanga, wamfupi wa mpata m'mano, amene ankaitanira minibasi ku Limbe. Iyenso anakulira kwathu, anangotsogola kubwera m'tauni. Mwa chisuweni ankanditcha mkazi wake.

"Mkazi wanga, madzi osamba ali kuti? Kodi ng'ombe zanga ndinatayira mlesi?"

Ine ndinkangoseka n'kubisa nkhope. Ndinkamuchapira, kumusitira, kumusokera mabatani omwe ankaduka polimbirana anthu okwera. Sindinkafuna kuti tsiku lina wina m'nyumbamo adzanene kuti anadzitengera mtolo kumudzi.

Kenako kunabwera namondwe uja. Mvula inagwa osaleka mpaka phiri linatsika ndi miyala yake. Za m'mawa umenewo sindikonda kufotokoza. Tinatuluka ndi zimene tinavala, tonse atatu amoyo, pomwe ena oyandikana nafe sanatuluke. Anatisunga pasukulu ina, akazi kalasi yawo, amuna yawo.

Ntchito yofufuza anthu itatha, tinayamba kubwerera kukafuna katundu. Ena ankafuna zawo. Ena ankabwera ndi mawilibala kudzatola chitsulo chilichonse, chifukwa kumsewu kunali anthu ogula zitsulo atakoleka sikelo pamtengo. Pamene panali nyumba yathu panalibe ngakhale maziko. Ndinatola chitsulo chachitali cha pawindo n'kuchita monga timachitira kwathu: kubaya pansi, kumvetsera, kusuntha pang'ono, kubayanso. Mwala umalira mwake, lata mwake. Ndinkatsata njira ya matope kutsetsereka, poti madzi sasiya chinthu pamene anachipeza. Ndinapeza mapoto a eni, nsapato imodzi ya mwana, chitseko cha kabati. Mapazi anachita zilonda. Azakhali ankati ndileke, ndidzadwala.

Tsiku lina masana, kutali ndithu ndi kwathu, pansi pa mtengo wa mango umene unagwa, chitsulo changa chinagunda chinthu chimene sichinali mwala. Ndinakumba ndi manja. Kunatuluka gudumu laling'ono lokhala ndi chogwirira. Ndinapala matope pathabwa ndi chala mpaka ndinaona chipsera chija. Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira, anthu a mawilibala akudutsa chapatali osandiyang'ana.

Koma thunthu la mango linali litawapsinja makinawo. Ndinayesa kukoka, osatheka. Ndinakwiriranso bwinobwino kuti gudumu lisaoneke. Bango kunalibe, choncho ndinatola kansungwi, ndinang'amba m'mphepete mwa chitenje changa, ndinamanga mfundo ziwiri n'kuzika. Malo onsewo anali timitengo ndi nsanza zokhazokha. Munthu wa m'tauni sakanayang'anapo kawiri.

Madzulo msuweni wanga atabwera kuntchito ndinamuitanira kuseri kwa kalasi.

"Asuweni, ndawapeza makina a mayi."

"Usanditero! Mkazi wanga ameneyu ndi mfuko, eti? Ali kuti?"

"Kumunsi, chakumtsinje. Kufotokoza n'kovuta, kulibe njira. Koma ndazikapo chizindikiro ngati kwathu. Pakufunika nkhwangwa ndi anthu amphamvu."

"Amphamvu ndi amene ukuyankhula nawowa. Mawa m'mawa ndikagwireko kaye ntchito, masana tipitire limodzi. Usauze munthu, wamva? Kuno si ku Nsanje."

Ndinamvera. Ngakhale azakhali sindinawauze.

Masana anabweradi, fosholo paphewa, akuimba mluzu. Tinanyamuka, iye patsogolo. Tinadutsa miyala, tinatsika, tinakhotera kumanzere pamene panali chimbudzi chogumuka. Tili pafupi kufika m'pamene ndinazindikira kuti njira yonseyi sanandifunse ngakhale kamodzi kuti tilowere kuti.

Thunthu lija linali litadulidwa, tizipalapasa ta nkhwangwa tili mbwee, tatsopano. Pansi pake panali dzenje, madzi akuyamba kudzadzamo.

"Mbava!" anakuwa iye, n'kuponya fosholo pansi. "Anthu a m'tauni muno alibe chisoni, aise! Akugulitsa ndi misozi ya anzawo yomwe. Ndikanadziwa ndikanajomba kuntchito."

Ine sindinkayang'ana dzenjelo. Ndinkayang'ana nsungwi yanga. Inali itagonekedwa bwinobwino pambali. Mfundo zonse ziwiri zinali zitamasulidwa, kansanza katayalidwa pafupi, kamwala pamwamba kuti mphepo isakaulutse. Wakuba wa m'tauni akanaiponda nsungwiyo kapena kuitaya uko. Amene anachita izi manja ake anazolowera kuyambira ali mwana, moti anamasula asanaganize n'komwe.

Anaona pamene ndinkayang'ana. Anakankha nsungwiyo ndi phazi, ikugwera m'dzenje.

"Tiye, mkazi wanga, usalire. Ndidzakugulira ena amagetsi, a mapulogalamu."

Ndinayankha kuti, "Zikomo, asuweni." Ndinamunyamuliranso fosholo pobwerera.

Patapita nthawi tinachoka pasukulu paja. Wachibale wina anatipatsa kamalo ku Chirimba, tinamanga kanyumba ka zipinda ziwiri, denga la malata atsopano. Ndinkadziuza kuti mwina panali munthu wina wa kwathu amene anadutsa pamtengo paja. Anthu a kuchigwa tilipo ambiri mu Blantyre. Ndinapitiriza kumuchapira.

Tsiku lina azakhali anandituma ku Limbe kukaoda matemba oti tizigulitsa. Ndikudutsa pakhonde la sitolo ina pomwe pamakhala matelala, ndinamva kulira kwa makina kumene ndinkakudziwa, kokhala ngati akudumpha pang'ono gudumu likamaliza kuzungulira. Ndinaima. Bambo wina wa imvi, tepi m'khosi, ankapinda yunifomu ya sukulu. Makinawo anali atatsukidwa, atathiridwa oyilo, akuwala. Chipsera chili pomwepo.

"Mukufuna kusoketsa, achemwali, kapena mukungotiwerenga imvi?"

"Pepani, bambo. Makinawa ndi abwino. Munawapeza kuti?"

"Awa? Achitsulo chenicheni awa, osati zamasiku anozi. Anandibweretsera mnyamata wina woitanira pasiteji apa, wamfupi, wa mpata m'mano. Anabwera nawo ali matope okhaokha. Akuti anali a mkazi wake, anapita ndi madzi ku Soche, ndiye sakufuna kumawaona. Analira pano, ine mpaka ndinamugulira tiyi."

Ndinagwira chipilala cha khondelo. Bamboyo anandifunsa ngati ndikudwala, ndinati ayi, ndi dzuwa.

Kunyumba ndinapeza azakhali akusankha nyemba. Ndinagwada pafupi, monga ndinkachitira nthawi zonse, n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa nsungwi. Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka. Sanasiye n'kusankha komwe.

"Yang'ana kumwamba," anatero.

Ndinayang'ana.

"Malata amenewo ukuyesa anagwa ndi mvula? Ukugona pouma iwe. Makina ukanafunda?"

"Ndiye munkadziwa, azakhali?"

"Anandiuza tsiku lomwelo. Tinaona kuti tikakuuza uvutika mtima, ndiwe mwana. Usayambitse nkhani pamtundu chifukwa cha chitsulo."

"Mukanandipempha," ndinatero.

"Ukanavomera?"

Ndikanavomera. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chimenecho. Akanandikhazika pansi n'kunena kuti mwanawe, tilibe denga, ndikanalira usana wonse, kenako ndikanawanyamula ndekha pamutu mpaka ku Limbe. Iwonso ankadziwa kuti sindinawakanizepo kanthu. Komabe anasankha kuti ndiyende kumbuyo kwa mwana wawo, ndikaone dzenje, ndimuthokoze.

Sabata yotsatira ndinabwerera kwa telala uja. Ndinamuuza kuti ndimatha kupinda ndi kuika zipi, ngati angafune wothandiza. Anandipatsa siketi kuti ndiyese. Nditagwira chogwirira, dzanja linapeza lokha pamene pamafunika kukankha pang'ono kuti gudumu lisadumphe.

"Iii, mwawazolowera msanga bwanji? Ine ananditengera nthawi amenewa."

Sindinamuuze. Anagula moona mtima, ndipo anamugulira tiyi munthu wolira.

Ndimasoka pamenepo mpaka pano, pamakina a eni ake. Ndinachokako kwa azakhali ku Chirimba, ndimakhala ndi mnzanga wa kutchalitchi. Siteji ili pafupi, ndiye nthawi zina msuweni wanga amadutsa, atapachikika pachitseko cha minibasi. Ulendo woyamba atandiona pakhondepo anakuwa mwa chizolowezi, "Mkazi wanga!"

Telala anadzutsa mutu. "Si uja anafedwayu? Wapeza kale wina?"

"Sakuitana ine, bambo," ndinatero, ndikupukusa gudumu. "Wakeyo anapita ndi madzi."